Nyika ndi Khondowe: mapiri amene akhala pothawira anthu ndi nyama

Wofuna kukafika ku Chelinda, pakatikati pa paki ya Nyika, amalawirira m'mamawa ku Rumphi, nadutsa pa Bolero, nakalowa pachipata cha Thazima. Kuchokera pachipatapo pamakhala patatsala makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja umagonjetsa galimoto zing'onozing'ono. Nkhalango ya miombo ikatha, dziko limatseguka: zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka kumene maso alekezera, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya poyera, popanda mudzi, munda kapena utsi wa pakhomo pa munthu.

Alendo ambiri amabwerako akuganiza kuti dziko limeneli lakhala lopanda anthu chilengedwere. Mbiri ikukana. Kwa zaka masauzande, mapiri a Nyika pamodzi ndi chitunda cha Khondowe chimene chili kum'mawa kwake akhala akulandira anthu othawa nkhondo, othawa malungo, ndipo pomalizira pake nyama zothawa mfuti. Gulu lililonse linasiyako chizindikiro, ndipo zizindikirozo ndi zimene mlendo wa lero amalipira ndalama kuti akaone.

Alenje a pa Fingira ndi osula makasu

Kum'mwera kwa pakiyi kuli thanthwe lalitali lotchedwa Fingira, ndipo m'mbali mwake muli phanga. Akatswiri ofukula zakale anakumbamo m'zaka za m'ma 1960 napeza zida zamiyala, mafupa a nyama, mikanda ya zigoba ndi mafupa a anthu, pamene pakhoma pali zojambula zakale. Kafukufuku wa DNA amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017 anaonetsa kuti ena mwa anthu oikidwa m'phangamo anakhalako zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, ndipo wina zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Anali alenje ndi otola zipatso, a mtundu umene makolo athu ankautchula kuti Akafula, amene anali m'dziko muno alimi olankhula zinenero za Chibantu asanafike.

Pambuyo pawo panabwera anthu odziwa kuyenga chitsulo. Mpaka lero oyenda pansi m'mphepete mwa nkhalango za Nyika amapeza ng'anjo zadothi zakugwa ndi milu ya zotsalira za chitsulo. Aphoka, amene ndi nthambi ya Atumbuka yokhala m'mapiri a kum'mawa, ankadziwika ndi luso limeneli, ndipo makasu awo ankayenda mitunda italiitali pa malonda ndi pa malowolo. Khasu linalinso pakati pa katundu amene Mlowoka ndi anzake, amalonda a minyanga ya njovu amene anaoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ankagawira eni dziko la Nkhamanga m'munsi mwa Nyika. Ufumu wa Chikulamayembe unayambira pamenepo, ndipo mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitika chaka ndi chaka ku Bolero umakumbukira kufika kwawo.

Anthu a nthawi imeneyo sankaona Nyika ngati tchire chabe. Pafupi ndi Chelinda pali kanyanja kachilengedwe ka Kaulime, kumene masiku ano alendo amakadikirira nyama zobwera kudzamwa madzi. Kale anthu ankakaopa kanyanjaka, pokhulupirira kuti mumakhala njoka yaikulu ya mizimu, ndipo ankapitako ndi nsembe osati ndi makamera.

Phanga la kuseri kwa mathithi

Chapakati pa zaka za m'ma 1800, Angoni a M'mbelwa anakhazikika m'dziko la Atumbuka, ndipo nkhondo zawo zinabalalitsa midzi yambiri ya m'zigwa. Kunyanja nakonso kunali amalonda a akapolo. Aphoka anakwera m'mwamba, namanga timakumbi tawo m'malo otsetsereka kwambiri kumene gulu la nkhondo silikanafika mwakachetechete, nalima m'mapiri momwemo.

Umboni woonekeratu wa masiku amenewo uli pa mathithi a Manchewe, pafupi ndi mishoni ya Livingstonia pa Khondowe, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 125 kulowa m'chigwa cha nkhalango yowirira. Kanjira koterera kamatsikira kuphanga limene lili kuseri kwa madziwo. M'menemo ndi mmene anthu ankabisala adani akamveka, popeza mkokomo wa madzi unkabisa kulira kwa mwana ndipo madzi ogwawo ankaphimba khomo. Anyamata a m'midzi yozungulira amene amaperekeza alendo kuphangako amafotokoza nkhaniyi ngati ya agogo awo, chifukwa ndi ya agogo awodi.

Azungu othawa udzudzu

Amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland anafika pa nyanja ya Malawi mu 1875 pa sitima ya Ilala, natsegula mishoni ku Cape Maclear pokumbukira David Livingstone amene anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Malowo anali okongola koma akupha. Pofika 1881 anali ataika m'manda anzawo angapo chifukwa cha malungo, pamene wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, kumene sukulu zinayenda bwino koma malungo sanawasiye. Mu 1894 mtsogoleri wawo, Dr Robert Laws, anasankha Khondowe, chitunda chokwera mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja, kumene kuli mphepo yozizira, madzi osaphwa ndi malo olima.

Laws sanafune kumanga kachisi ndi nyumba ya m'busa basi. Pa Overtoun Institution, sukulu imene inatchedwa dzina la mkulu wachuma wa ku Scotland amene ankaithandiza, ankaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, akalaliki, othandiza madokotala, amisiri a matabwa ndi a njerwa, osindikiza mabuku ndi otumiza matelegalamu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pa Khondowe panali kale madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi a Manchewe, matauni ambiri a m'chigawo chino cha Africa akuunikirabe nyali. Nyumba ya miyala ya Stone House, imene inamangidwa mu 1903, ndiyo inali kwawo kwa Laws, ndipo lero muli nyumba yosungiramo zakale: zida zake za udokotala, makalata, zithunzi ndi mabuku. Chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa cha m'ma 1910, chikulandirabe odwala. M'tchalitchi chachikulu cha njerwa muli zenera la magalasi amitundumitundu losonyeza Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo.

Katundu yense wa ntchito zimenezi ankatsika m'sitima kunyanja, ndipo ankayenera kukwera phiri. N'chifukwa chake anasema msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Anausema ndi makasu, mapiki ndi manja a anthu a m'deralo, ndipo mpaka lero woyendetsa galimoto amene sanauzolowere amafika pamwamba malaya atanyowa.

Chimene Laws mwina sanachiyembekezere n'chakuti sukulu ya pamwamba pa phiri idzabala anthu ovutitsa boma la atsamunda. Levi Mumba, amene anathandiza kuyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912 ndipo anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anaphunzira kumeneko. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919, anaphunziranso pa Khondowe. David Kaunda anatumidwa kuchokera ku Livingstonia kukalalikira ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Laws mwini anachoka mu 1927 atatumikira zaka 52. Maloto ake a sukulu yaukachenjede anadzakwaniritsidwa mu 2003 pamene sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula University of Livingstonia.

Yankho la pa kapinga

Pafupi ndi Stone House pali chinthu chimene mlendo wothamanga angachiphonye: malemba akuluakulu oyalidwa pansi. M'mwezi wa March 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Kamuzu Banda ndi atsogoleri a Congress atamangidwa, boma linkaopa kuti azungu a kumadera akutali aphedwa. Ndege inaponya uthenga pa Livingstonia wofunsa ngati amishoni akufuna kuwachotsako, ndipo anauzidwa kuti ayankhe ndi chizindikiro chooneka kuchokera m'mwamba.

Akuda ndi azungu a pamishoni anakhala pansi nakambirana. Ndege itabweranso inapeza njerwa zopaka laimu zitayalidwa pa kapinga kutchula Aefeso 2:14, ndime yonena za kugwetsedwa kwa khoma lolekanitsa mitundu ya anthu. Palibe anachoka. Chithunzi chojambulidwa kuchokera m'ndegemo chinatuluka m'nyuzipepala, ndipo chinatsutsa zimene boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linkafalitsa, zoti mzungu sangagone mwamtendere pakati pa anthu akuda a ku Nyasaland.

Paini, nsomba ndi malire a paki

Pamwamba pa Nyika penipeni, atsamunda anayamba ndi kuyesa kupezapo phindu. Mu 1948 anateteza kankhalango ka mitengo ya juniper kum'mwera chakum'mawa, kamene ndi kamodzi mwa malo akum'mwera kwenikweni kumene mtengowu umamera wokha mu Africa. Mu 1949 Laurens van der Post anatumidwa kudzayendera Mulanje ndi Nyika kuti aone chimene boma la Britain lingachite ndi mapiriwa, ndipo buku lake la Venture to the Interior, limene linatuluka mu 1952, linatchukitsa Nyika kunja. M'zaka za m'ma 1950 anadzala paini pa Chelinda poyesa ngati pangakhale munda waukulu wa mitengo yopangira mapepala. Mitengo inakula, koma kutalika kwa mtunda ndi kuipa kwa msewu kunapha ganizolo. Chinatsala ndi nkhalango ya paini yozungulira nyumba za alendo, ndi madamu atatu amene anathiramo nsomba za trout zochokera kunja.

Mu 1965, chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, Nyika inakhala paki yoyamba ya Malawi. Mu 1978 malire anafutukulidwa kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000, ndipo inakhala paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno. Apa ndi pamene mbiri ya pothawira inatembenuka. Kuti nyama zipeze malo, anthu masauzande a m'midzi ya m'mapiri ndi m'mphepete anasamutsidwa, kusiya minda, manda a makolo ndi malo a nsembe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankafunsa kawiri boma likalamula. Bata limene mlendo amalisirira pa Nyika lero lili ndi eni ake amene analilipira, ndipo ana awo ali m'midzi ya kunja kwa malire ku Rumphi, Chitipa ndi Karonga.

Chimene chinatetezedwa n'chachikulu ndithu. Nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600, ndipo m'miyezi ya June ndi July madzi amaundana pa udzu usiku. Pakiyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400 ndi mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, imene imachita maluwa mvula ikagwa, makamaka mu January ndi February. Muli anyalugwe, afisi, mphoyo, mbawala ndi njiri, ndipo mu 2017 njovu 34 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe imayambira kumeneko: North Rukuru ndiye amapanga mathithi a Chisanga asanatsikire ku Karonga, ndipo Wovwe amapukusa makina a magetsi. Wakumwa madzi ku Rumphi kapena wolima mpunga ku Karonga amadalira udzu wa pa Nyika ngakhale sanapondeko.

Za mawa

Mavuto alipo. Moto wolusa umatentha zitunda chaka ndi chaka, opha nyama mozemba amatchera misampha, ndipo ena amakumba timizu ta pansi pa maluwa a orchid kukagulitsa kwa ophika chikanda, chakudya chimene chili ndi msika waukulu ku Zambia. Popeza kachigawo kena ka Nyika kali mbali ya Zambia, maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 losamalira limodzi malo a m'malire, ndipo mu 2023 boma la Malawi linagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi malo otetezera nyama a Vwaza kwa zaka 20.

Wokhala ndi miyendo yolimba angathe kulumikiza mbiri yonseyi pa ulendo wa masiku atatu woyenda pansi kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, moperekezedwa ndi msilikali wa paki, kudutsa m'zitunda za udzu, m'nkhalango ndi m'minda ya khofi ya Aphoka. Amene amanyamula katundu, kuphika ndi kulozera njira pa ulendowu nthawi zambiri ndi zidzukulu za anthu omwe anabisala ku Manchewe, anasema Gorodi, kapena anasamutsidwa mu 1978. Mgwirizano wa zaka 20 udzayesedwa ndi kuchuluka kwa mbidzi ndi njovu, koma udzayesedwanso ndi funso limene midzi ya kunja kwa malire yakhala ikufunsa kuyambira 1978: pa ndalama imene mlendo amasiya pachipata cha Thazima, ndi ingati imene imafika kwa amene anapereka dzikolo?