Kuchoka pa Poizoni wa Hicks Kufika pa Umboni

Pa masewera a Olimpiki a 1904 ku St. Louis, Thomas Hicks anapambana mpikisano wa marathoni atamwetsedwa mazira, burande ndi strychnine, poizoni wophera makoswe. Anafika kumapeto ali wefuwefu, omuthandiza atamugwirira. Kwa zaka zambiri othamanga ankangotengera zimene wopambana wamwa, osafunsa ngati n'zimene zinamupambanitsadi.

Chimene chinasintha zinthu ndi kupima. Mu 1965 Robert Cade wa ku University of Florida anapima thukuta la osewera, napanga chakumwa cha Gatorade kuti chibwezeretse madzi, mchere ndi shuga m'thupi. Mu 1992 Roger Harris ndi anzake anasonyeza kuti creatine imachulukadi m'minofu munthu akamamwa. Ena amati kafukufuku amachedwa pomwe mendulo sidikira munthu. N'zoona, koma kupupuluma kwawonongera ambiri ntchito. Akatswiri a ku Cologne, mothandizidwa ndi komiti yoyang'anira masewera a Olimpiki ya IOC, anapima mitundu 634 ya mankhwala owonjezera pa chakudya, ndipo pafupifupi 15 pa 100 iliyonse inali ndi masiteroidi osalembedwa pabotolo. Pa malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, wothamanga amapezeka wolakwa ngakhale anamwa mosadziwa.