Kuchokera pa mabandeji a mafinya: mbiri ya kutulukira ntchito ya DNA

Pakabuka mkangano woti mwana ndi wa ndani, masiku ano anthu sachedwa kunena kuti akayezetse DNA. Koma ntchito yeniyeni ya DNA ndi yoposa kuthetsa milandu. Imasunga malangizo opangira mapuloteni onse a m'thupi, ndipo selo isanagawikane pawiri imayamba yakopera malangizowo. Kuti asayansi amvetse zimenezi panatenga zaka pafupifupi 100.

Nkhaniyi inayambira ku Tübingen, m'dziko la Germany, mu 1869. Dokotala wachinyamata wa ku Switzerland, Friedrich Miescher, ankatenga mabandeji onyowa ndi mafinya kuchipatala n'kumachotsamo maselo oyera a magazi. Mkatikati mwa maselowo anapezamo chinthu chomwe sichinali puloteni, ndipo anachitcha nuclein, chomwe lero timachitcha DNA. Kwa zaka zambiri asayansi anachiderera. Ankati chibadwa chiyenera kuti chimayenda m'mapuloteni, omwe amapangidwa ndi mitundu 20 ya ma amino acid, osati m'chinthu chokhala ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C.

Maganizowa anayamba kusintha mu 1944 pomwe Oswald Avery ndi anzake awiri ku New York anatenga DNA ya mabakiteriya akupha oyambitsa chibayo n'kuisakaniza ndi mabakiteriya osavulaza. Ena mwa osavulazawo anatengera khalidwe la akupha aja, n'kulipatsiranso ana awo.

Mu 1952, ku King's College ku London, Rosalind Franklin ndi wophunzira wake Raymond Gosling anajambula DNA pogwiritsa ntchito X-ray. Chaka chotsatira, James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, mothandizidwa ndi zomwe Franklin anapeza, anaonetsa kuti DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C. Chinsinsi cha kukopera chinali pomwepo: zingwezo zikalekana, chilichonse chimasonyeza momwe chinzake chatsopano chiyenera kukhalira. Franklin anamwalira ndi khansa mu 1958 ali ndi zaka 37, ndipo mphoto ya Nobel ya 1962 inapita kwa Watson, Crick ndi wasayansi wina, Maurice Wilkins.

Umboni wa kukoperako unabwera mu 1958 kuchokera kwa Matthew Meselson ndi Franklin Stahl ku California. Iwo anadyetsa mabakiteriya a E. coli nitrogen wolemera mpaka DNA yawo yonse inalemera, kenako anawasamutsira mu nitrogen wamba. Mabakiteriyawo atagawikana kamodzi, DNA yonse inapezeka ili pakatikati, siyolemera komanso siyopepuka. Tanthauzo lake linali loti DNA yatsopano iliyonse ili ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano. Wolumikiza zilembo pa chingwe chatsopanocho ndi enzyme yotchedwa DNA polymerase, yomwe Arthur Kornberg anaitulukira mu 1956.

Nanga malangizo amasanduka bwanji puloteni? DNA ili ngati kaundula wa amfumu amene satuluka m'nyumba. Wofuna dzina amangokopera tsamba limodzi n'kupita nalo. Tsamba lokoperedwalo ndi mRNA, yomwe Sydney Brenner, François Jacob ndi Meselson anaitsimikiza mu 1961. Imapita ku tinthu totchedwa ma ribosome, komwe zilembo zimawerengedwa zitatuzitatu, ndipo gulu lililonse limaitana amino acid wake. Mu RNA, chilembo U chimalowa m'malo mwa T.

Chaka chomwecho Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei ku Bethesda, ku America, anathira RNA ya ma U okhaokha mu msuzi wa mabakiteriya ophwanyidwa. Munatuluka tcheni cha amino acid mmodzi yekha, phenylalanine. Umu ndi momwe gulu loyamba, UUU, linamasuliridwira. Pofika 1966 magulu onse 64 anali atadziwika: 61 amaimira ma amino acid, atatu amalamula kuti ntchito ithere pomwepo.

Izi sizinathere m'malabotale a kunja. Mwana wodwala sickle cell, matenda omwe amapezeka ku Malawi ndi ku Zambia, amavutika chifukwa cha chilembo chimodzi: pomwe panayenera kukhala GAG pali GTG. Amino acid mmodzi amasintha mu haemoglobin, monga Vernon Ingram anaonetsera mu 1957, ndipo maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha.

Nako kachilombo ka HIV kamanyamula RNA, ndipo kakalowa mu selo kamaikopera kukhala DNA pogwiritsa ntchito enzyme ya reverse transcriptase, yomwe Howard Temin ndi David Baltimore anaipeza mu 1970 m'tizilombo tina. Mwa mankhwala atatu a m'piritsi la ma ARV la TLD, tenofovir ndi lamivudine amalowa ngati zilembo zabodza n'kuimitsa kukoperako, pomwe dolutegravir amaletsa DNA ya kachilomboko kudzilowetsa mu DNA ya munthu. N'chifukwa chake achipatala amalimbikitsa kumwa piritsili tsiku lililonse: munthu akadumphitsa, kukopera kumayambiranso.