"Zombie": nyimbo yodana ndi nkhondo, ndi funso kwa ife a m'chigwa cha Shire

Pa 20 March 1993, mabomba awiri a gulu la IRA anaphulika m'tauni ya Warrington ku England. Ana awiri, wina wa zaka 3 wina wa zaka 12, anafa. Nkhaniyi inamukhudza kwambiri Dolores O'Riordan, woyimba wa gulu la The Cranberries la ku Ireland, ndipo analemba nyimbo yotchedwa "Zombie". Gululi linkadziwika ndi nyimbo zofatsa zachikondi, koma iyi inabwera ndi magitala aukali komanso mawu olira.

Nyimboyi inatuluka mu September 1994, patangopita milungu yochepa IRA italengeza pa 31 August kuti yaimitsa nkhondo. Inafika pa nambala 1 ku Australia, France ndi Germany, koma ku Britain inathera pa nambala 14. BBC inakana kuonetsa kanema wake momwe analili, chifukwa munali asilikali onyamula mfuti m'misewu ya Belfast. Mu 1995 inapata mphoto ya MTV Europe ya nyimbo yopambana.

Sikuti aliyense anaombera m'manja. Ena ankati Dolores, yemwe anakulira ku Limerick, kutali ndi kumene kunkalira mfuti, wapeputsa mkangano wa zaka zambiri umene unapha anthu oposa 3,500. Ankatinso wadzudzula mbali imodzi. Mtsutsowu unabukanso mu 2023 pamene ochemerera timu ya rugby ya Ireland anayimba nyimboyi ku Paris atagonjetsa South Africa. Ine ndimaona kuti odzudzulawo anali ndi mfundo, koma ankafuna kuti nyimbo igwire ntchito ya buku la mbiri. Nyimboyi inachita zake: mu 2020 kanema wake anafika pa 1 biliyoni pa YouTube, ndipo amene wafunsa chiyambi chake amamva za ana awiri aja.

Tsono tibwere kwathu. Nthawi imene "Zombie" inkatuluka, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anali akubwerera kwawo. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 ndipo inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992. Dziko la Malawi linasunga anthu oposa 1 miliyoni. M'boma la Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi, ndipo misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu inadzaza. Ambiri anali Asena, abale athu enieni a tsidya lina la malire.

Nanga ndi angati mwa ife, ophunzira ochokera ku Chikwawa ndi Nsanje, amene tingafotokoze zomwe zinkachitika ku Mankhokwe? Amene anagawana minda, nkhuni ndi madzi ndi alendowo akukalamba, ndipo maliro alionse akupita ndi nkhani zawo.

Tchuthi chikubwerachi, khalani pansi ndi agogo, mutsegule foni, muwajambule akufotokoza. Odziwa kuyimba ayimbe, odziwa kulemba alembe. Adzakudzudzulani kuti mwapotoza mbiri, monga anamudzudzulira Dolores, ndipo mtsutso umenewo ndi umene udzachititse kuti nkhaniyi isaiwalike.