Konsati ya piyano yokhala ndi zowerenga

Pa zikwangwani za maholo a nyimbo, kapena m'kalata yochokera kusukulu ya ana athu, timakumana ndi mawu akuti "recital". Imeneyi ndi konsati ya munthu mmodzi, kawirikawiri woimba piyano, popanda kwaya, ng'oma kapena gitala. Mtundu wina wa konsatiyi umawonjezera munthu wachiwiri, nthawi zambiri katswiri wa zisudzo, amene amawerenga ndakatulo, makalata kapena ndime za m'buku. Akawerenga kwa mphindi zingapo amakhala chete, piyano n'kulandira.

Poyamba mawu a "recital" ankanena za kulakatula. Anawagwiritsa ntchito pa konsati ya piyano mu 1840, pamene Franz Liszt wa ku Hungary anaimba ku Hanover Square Rooms mumzinda wa London. Masiku amenewo konsati inkakhala ya oimba ambiri osinthanasinthana, choncho munthu mmodzi kudzaza pulogalamu yonse zinali zachilendo.

Kuika zowerenga pambali pa piyano si kukongoletsa chabe. Nyimbo zambiri za piyano zinabadwa m'mabuku. Robert Schumann anapeka Kreisleriana mu 1838 kuchokera pa Johannes Kreisler, woimba wosakhazikika maganizo wa m'nkhani za E.T.A. Hoffmann. Liszt anapeka nyimbo zitatu pa ndakatulo za Petrarch wa ku Italy.

Chitsanzo chimene ife timachikonda m'kalasi ndi Gaspard de la nuit ya Maurice Ravel, ya mu 1908, yochokera pa ndakatulo zitatu za Aloysius Bertrand. Gawo lachiwiri, Le Gibet, lili ndi kaphokoso kamodzi kamene kamabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasintha. Mwana amene sanauzidwe kanthu amafunsa ngati piyanoyo yawonongeka. Koma akamva kaye ndakatuloyo, yonena za mtembo wa munthu wopachikidwa dzuwa likulowa, belu likulira patali pa linga la mzinda, kaphokoso komweko kamasanduka belu, ndipo mwana uja amakhala duu mpaka nyimbo ithe. Kwa ife amene tinakula ndi nyimbo zokhala ndi mawu, phindu la konsati yotere lagona pamenepa: khutu limapeza pogwira.

Ku Britain, woimba piyano Lucy Parham amadziwika ndi makonsati a mtundu umenewu. Mu Beloved Clara, ochita zisudzo amawerenga makalata ndi zolemba za Robert Schumann, mkazi wake Clara, ndi Johannes Brahms, iye n'kumaimba nyimbo za atatuwa. Nkhani yake ndi yolemera. Bambo ake a Clara anakaniza ukwatiwo mpaka khoti linalowererapo, ndipo awiriwa anakwatirana mu 1840. Robert anamwalira mu 1856 m'chipatala cha odwala matenda a maganizo pafupi ndi Bonn, ndipo Clara analera ana ndi ndalama za makonsati ake. Makolo aganizire msinkhu wa mwana: nkhani ngati iyi imayenera a ku sekondale kuposa a ku pulayimale.

Kapangidwe kake n'kofanana ndi nthano za agogo, zimene zimaduka pakati kuti nyimbo ilowe. Kusiyana kwake n'kwakuti muno omvera savomera. Foni imazimitsidwa, ndipo wochedwa amadikira pakhomo mpaka nyimbo ithe. Nyimbo imodzi ikhoza kukhala ndi magawo angapo (Kreisleriana ili ndi 8, ndipo imatenga pafupifupi mphindi 30), koma m'manja timawomba pamapeto a zonse, osati pakati pa magawo. Tikasokonezeka, tiyang'ane woimbayo: akachotsa manja pa piyano n'kutembenukira kwa anthu, nthawi yakwana. Konsati ya madzulo imatha pafupifupi maola awiri, ndi kupumula pakati. Kwa mwana wopita koyamba, ndi bwino kuyamba ndi ya masana, imene m'maholo ngati Wigmore Hall ku London imatenga pafupifupi ola limodzi.