A Mboni ndi nthawi ya makadi

Ine ndine wa CCAP, wa Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndidzafera momwemo. Koma za a Mboni za Yehova wafunsazi, mdzukulu wanga, ndikuuza, chifukwa zambiri zinachitika ife tikuona.

Chipembedzochi sichinayambire kuno ku Mayani. M'dziko muno chinayamba kunyanja, ku Nkhata Bay, ndi Elliot Kamwana, Mtonga amene anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa. Anabwera mu 1908 ndi mabuku a Watch Tower, nabatiza anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa, mpaka atsamunda anamugwira n'kumutulutsa m'dziko mu 1909. Pambuyo pake mawuwo ankalowa m'midzi ndi amuna obwera ku ntchito ku Joni ndi ku Halale. Ife tinkawatcha a Chitawala. Tinkawaseka, tinkatsutsana nawo mavesi pakhonde, koma chidani panalibe.

Chinadzetsa moto ndi khadi la chipani cha Kongeresi. Masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi, ndipo m'malo ena mayi wapakati ankagulira khadi ngakhale mwana wa m'mimba. Ife tinkagula, osati chifukwa chokonda, koma kuti tigulitse mbatatesi zathu mwamtendere. A Mboni anati msonkho alipira, koma khadi la ndale ayi. Mu Okutobala 1967 boma la Kamuzu linawaletsa, amishonale awo n'kuthamangitsidwa.

Chaka choipitsitsa chinali 1972. Msonkhano wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Ayufi ndi apayoniya a chipanicho anatentha nyumba ndi nkhokwe, anamenya anthu, ena mpaka kufa, ndipo zimene anachita kwa amayi sindingazitchule pamaso pako. Anthu anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anamwalira ndi matenda. Atabwezedwa, anaolokera ku Mlangeni, ku Mozambique, pafupi ndi malire athu a Dedza ndi Ntcheu. Kumeneko analima, anamanga misasa yopemphereramo, nalalikira Angoni a kumeneko. Frelimo itatenga boma mu 1975 inafuna kuti azifuula mawu a chipani. Anakananso. Anawabweza kuno, ena n'kukatsekeredwa ku Dzaleka ku Dowa, kumene lero kuli othawa kwawo, ena n'kukathera ku Milange, ku Mozambique komweko.

Chimene chinkandidabwitsa ine n'chakuti pakamwa sanatseke. Anangosintha kayendedwe. Chikwama ndi tayi anasiya. Munthu ankabwera ngati wofunsa mtengo wa nkhuku, mukacheza pang'ono n'kuponyamo vesi la pamtima. Ukaonetsa chidwi ankabweranso, ukakwinya nkhope ankangogula nkhukuyo n'kumapita. Amayi ankalankhula pachitsime ndi pamtondo. Pamaliro m'pamene ankapezerapo mpata kwambiri, poti palibe mfumu imene ingaletse anthu kulira mnzawo. Misonkhano ankachita usiku, anthu ochepa m'nyumba imodzi, kapena kuthengo kuseri kwa mapiriwa, nyimbo akuimba chonong'ona. Magazini yawo ya Nsanja ya Olonda inkalowa kuchokera ku Zambia pa njinga, m'tinjira topewa zipata za apolisi, ndipo kope limodzi linkazungulira mabanja mpaka kung'ambika. Ku Dzaleka komweko ankaphunzitsa akaidi anzawo.

Usaganize kuti mudzi wonse unali mbali ya ayufi. Panali mafumu amene ankadziwa nyumba yosonkhaniramo koma n'kukhala ngati sakuona. Panali Akatolika, Asilamu ndi ife a Nkhoma amene tinkasungira anzathu mbuzi ndi minda. Koma panalinso ena, opemphera ndithu, amene anawaneneza chifukwa chosirira dimba. Zimenezi m'tchalitchi sitizikamba kawirikawiri.

Dziko litavotera matipate pa 14 Juni 1993, chiletso chinachotsedwa pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, patatha zaka pafupifupi 26. A Mboni eni ake amati poletsedwa anali olalikira ngati 18,000, koma potuluka anali ngati 30,000. Obwerera kwawo ena anapeza minda ili m'manja mwa anthu ena, milandu n'kuyamba pabwalo la mfumu. Kenaka anayamba kuumba njerwa za Nyumba za Ufumu, natenganso zikwama zawo n'kumayenda awiriawiri masana, khomo ndi khomo, osadumpha ngakhale la munthu amene anawatenthera nkhokwe.