Boti la alendo liime pati? Kuchokera kwa anangumi kufika pa doko la Ngala

Munthu akaima pa mchenga wa ku Ngala, kumpoto kwa Dwangwa m'boma la Nkhotakota, n'kuponya maso pakati pa nyanja, masiku ena amaona chinthu ngati utsi chikufuka pamadzi. Mlendo wochokera ku nyanja zamchere angayese nangumi akupuma. Mwana aliyense wa pa doko angamuseke, chifukwa imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene amayi amakola n'kuumba ndiwo.

Nyanja ya Malawi ilibe nangumi ngakhale mmodzi. Ili ndi mvuu, ng'ona, akatumbu, nkhwazi, komanso mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ilinso ndi maboti a injini onyamula anthu amene alipira ndalama kuti akangoona zimenezi n'kujambula. Choncho funso limene lidasautsa eni ake anangumi kwa zaka zambiri lafika kale pa magombe athu: boti la munthu wongodzaona liyandikire nyama mpaka pati?

Anangumi adayamba n'kusakidwa. Mafuta ake ankayatsira nyale ndi kupangira sopo, ndipo pofika m'ma 1940 mitundu ina idali pafupi kutheratu. Mu 1946 maiko adakhazikitsa bungwe la International Whaling Commission kuti liziyang'anira kaphedwe kake. Zokangowaona zidayambira ku San Diego, ku America, komwe mu 1950 malo otchedwa Cabrillo National Monument adatsegulidwa kuti anthu aziimapo n'kumaonerera anangumi akudutsa. Mu 1955 boti loyamba lidayamba kutenga anthu kupita nawo pamadzi penipeni, mutu uliwonse dola imodzi.

Dola imodziyo idabala. America idakhazikitsa lamulo loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja mu 1972, ndipo mu 1982 bungwe lija lidagwirizana zoimitsa kupha anangumi pochita malonda, zomwe zidayamba kugwira ntchito mu 1986. Asodzi ambiri adapenta maboti awo n'kuikamo mipando. Kafukufuku wa bungwe la IFAW adapeza kuti mu 2008 mokha anthu 13 miliyoni adapita kukaona anangumi m'maiko ndi madera 119, ndipo malondawo adakwana madola 2.1 biliyoni.

Apa m'pamene anthu adazindikira kuti wodzaona nayenso amapweteka. Nangumi amadalira makutu pofuna mnzake ndi chakudya, ndiye phokoso la injini khumi zomuzungulira limamusokoneza. Wamkazi woyamwitsa akamathawa maboti tsiku lonse, mwana sayamwa mokwanira. Ena amachekedwa ndi mapiko a injini. Maiko adayamba kulemba malamulo a mtunda. Ku Hawaii boti siliyandikira nangumi wa mtundu wa humpback kupitirira mayadi 100. New Zealand idalemba ake mu 1992. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri akugwira ntchito, boti lopanda chiphaso chapadera liyenera kutalikira mamita 300, ndipo ziphasozo n'zowerengeka m'dera lililonse. Amene adafikako ku Hermanus amadziwa kuti kumeneko alendo ambiri amaonera ali pamtunda, munthu wina ataliza lipenga kuwadziwitsa kumene anangumi atulukira.

Malamulo onsewa mfundo zake n'zofanana ndipo n'zosavuta. Osadutsa kutsogolo kwa nyama, osailowa kumbuyo ngati ukuithamangitsa, osalekanitsa mayi ndi mwana, kuchepetsa liwiro ukayandikira, maboti asaunjikane malo amodzi, ndiponso osaipatsa chakudya.

Pa nyanja yathu mbiri idayenda njira ina. Zombo zazikulu zoyamba kudziwika pa gombe la Nkhotakota zidali za Jumbe, zowolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, ndipo David Livingstone adafika pa Nkhotakota mu 1861 ndi mu 1863 malondawo ali pachimake. Sitima yoyamba ya nthunzi, Ilala, idalowa m'nyanjayi mu 1875. Itamira sitima ya Vipya mu July 1946 n'kupha anthu 145, nkhani ya chitetezo cha apaulendo idakula, ndipo Ilala imene ikuyendabe lero idayamba ntchito mu 1951. Malamulo a zombo amene adatsatira, omwe lero amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, amafunsa za kulemera kwa katundu, majekete oyandamitsa ndi chiphaso cha woyendetsa. Ndi malamulo oteteza munthu amene ali m'boti.

Mbali ya nsomba idali ndi akatswiri ake. Mu 1939 Bertram, Borley ndi Trewavas adachita kafukufuku woyamba wa usodzi wa m'nyanjayi, kenako Rosemary Lowe adatha zaka za 1945 mpaka 1947 akufufuza moyo wa chambo. Kafukufuku wotereyu ndiye adakhala maziko a malamulo a kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Koma pasakhale wonena kuti nzeru yopumitsa nyanja idabwera pa sitima. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'dzinja kuyambira m'ma 1950. Nyengo ikatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga siziloledwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa ndi anzake omwe. Asodzi ochokera kutali, a ku Nkhotakota omwe, amapita ku Mbenje chifukwa utaka udakalipo.

Nsomba zoonedwa ndi maso, osati zodyedwa, zidatchuka chifukwa cha mbuna. Dzinali ndi la Atonga, ndipo lidafalikira padziko lonse kudzera mwa Geoffrey Fryer amene ankafufuza nsomba za m'miyala ku Nkhata Bay m'ma 1950. Mbuna ndi kansomba kosayenda. Kamabadwira pa mwala, kudya ndere za pa mwala womwewo, ndipo sikafuna kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. N'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake imene sipezeka kwina kulikonse. Kuyambira m'ma 1960 amalonda adayamba kuzigwira zamoyo n'kumazitumiza pa ndege ku Ulaya ndi ku America kuti anthu aziweta m'magalasi. Wodziwika kwambiri pa malondawa adali Stuart Grant wa ku Kambiri Point, ku Senga Bay, amene adamwalira mu 2007.

Kuwononga koyamba kochitidwa ndi okonda nsomba kudachitika m'zaka zoyambirira za malondawa. Mbuna zogwidwa kumpoto, mbali ya Likoma, zidatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Zidakhazikika, zidaswana, zina zidasakanikirana ndi eni malo, ndipo akatswiri akuziwerengabe mpaka lero. Panalibe ukonde woletsedwa, panalibe mankhwala. Lidali boti chabe, lonyamula nsomba zamoyo kuchoka pamene zidabadwira.

Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, paki yoyamba padziko lapansi yokhazikitsidwa makamaka pofuna kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, kuphatikizapo zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Maleri. Chofunika pa nkhani yathu ndi ichi: malire a pakiyi amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pa gombe, ndipo m'menemo kusodza n'koletsedwa. Umenewu ndi mtunda wolembedwa pamadzi athu chifukwa cha zamoyo. Koma udalembedwera msodzi. Boti la alendo limalowa m'mamita 100 omwewo tsiku lililonse, ndipo ndi mmene pali ndalama zake.

Aliyense amene adakwerapo boti ku Cape Maclear, Senga Bay kapena Nkhata Bay akudziwa mmene ulendo umayendera. Woyendetsa amagula tinsomba pa doko, n'kulowetsa kabango m'kati mwake kuti tiyandame. Akafika pansi pa mtengo wa nkhwazi amaliza likhweru, kuponya nsomba, mbalame ija n'kutsika ngati mphezi, alendo n'kuombera m'manja. Kenako boti limaima pa miyala, wina n'kunyenyera buledi m'madzi, mbuna n'kuunjikana mpaka kumadya m'manja. N'zosangalatsa ndithu, ndipo mnyamata woyendetsa botiyo akudyetsa banja mwachilungamo. Komabe mchitidwe umenewu ndi womwe malamulo a anangumi amaletsa. Nkhwazi, mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lino, yaphunzira kudikira likhweru. Mbuna zodya ndere zikukhuta ufa wa tirigu. Ndipo mbuna yaikazi, monganso chambo, imasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa milungu ingapo, choncho ikadzidzimutsidwa imatha kuwalavula, nsomba zina n'kuwameza.

Pa mchenga vuto ndi lina. Chambo chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pansi pa madzi osaya, pafupi ndi mabango. Khoka likakokedwa limafafaniza zisazo, n'chifukwa chake makoka amaletsedwa m'nyengo yotseka nyanja. Nangula woponyedwa pa malo omwewo amachitanso chimodzimodzi, ngakhale mwini wake alibe mbedza n'imodzi yomwe. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kwambiri kutha.

Ngala ili kutali ndi malire a pakiyi. Ndi doko la asodzi, la chilimira, matchera ndi nyali za kauni usiku, la thandala za usipa ndi amalonda oyembekezera matola pa msewu wa M5. Koma alendo afika. Pali malo ogona alendo a Ngala Beach Lodge, ndipo kumwera kwake, kumene mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, zinthu zasintha chifikireni bungwe la African Parks mu 2015, makamaka njovu pafupifupi 500 zitasamutsidwira kumeneko mu 2016 ndi 2017. Mlendo woona njovu m'mawa amafuna kukwera boti madzulo. Bua yemweyo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa imakwerabe kukaswana, kutanthauza kuti mathiriro ake si malo othamangitsirapo injini. Ku Chia, kumwera kwa tauni ya Nkhotakota, maulendo a pa boti okaona mbalame adayamba kale.

Zipangizo zolembera malamulo zilipo. Makomiti a pa doko, ma BVC, adayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga mbali poyang'anira nsomba. Lamulo la zinyama zakutchire la 1992 lidakhwimitsidwa mu 2017. Pa doko lililonse anthu amadziwa kuti neti ya udzudzu si ukonde ndipo amadziwa mwezi wotseka nyanja, ngakhale ena amazemba. Za mtunda wa pakati pa boti ndi mvuu ya mwana, zimenezo zimasiyidwa m'manja mwa woyendetsa ndi mlendo wofuna chithunzi chabwino. Mvuu nayo sinyengerera: mu May 2023 idagubuduza bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire ku Nsanje, anthu n'kufa.

Ku San Diego padatha zaka 17 kuchokera pa boti loyamba la alendo kufika pa lamulo la 1972. Ku Ngala maboti otere adakali owerengeka pa zala, ndipo kugwirizana n'kosavuta eni ake asanachuluke. Khonsolo ya Nkhotakota, nthambi ya za usodzi, mafumu, ma BVC ndi eni malo ogona alendo akhale pansi chaka chino, atchule mamita ake a mvuu ndi mtengo wa nkhwazi, asonyeze pamene nangula saloledwa, ndipo azilembe pa chikwangwani pa doko m'Chichewa ndi m'Chitonga.