Malamulo oteteza ogula ku Malawi

Malamulo oteteza ogula ndi malamulo amene amaletsa wamalonda kunamiza munthu za katundu kapena ntchito yomwe akulipira, kapena kumudyera masuku pamutu mwa njira ina. Ku Malawi malamulo akuluakulu otere ndi awiri: Consumer Protection Act la chaka cha 2003 ndi Competition and Fair Trading Act la 2024. Bungwe lomwe limalandira madandaulo a ogula ndi Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Za ubwino wa katundu ndi kulondola kwa masikelo amayang'anira ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972.

Mbiri

Pa 15 Marichi 1962, mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, analankhula ku nyumba ya malamulo ya dzikolo za ufulu wa ogula, ndipo n'chifukwa chake tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka padziko lonse. Mu 1985 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zotsogolera mayiko pa nkhaniyi.

Ku Malawi nkhaniyi inakula m'zaka za m'ma 1990, boma litasiya kuika mitengo ya zinthu zambiri. Bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi linayamba mu 1994, ndipo mu 1998 aphungu anavomereza lamulo loyamba la mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Lamulo la 2003 linati pakhale khonsolo yapadera yoteteza ogula, koma zaka zinapita khonsoloyo osakhazikitsidwa, motero ntchito yambiri inagwera CFTC.

Lamulo la 1998 linali ndi chilema chomwe chinaonekera mochedwa. Mu 2021 CFTC inalamula kampani ya Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Kampaniyo inakamang'ala ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu 2023 bwalolo linagamula kuti lamulo silinapatse CFTC mphamvu yolipiritsa chindapusa payokha. Lamulo latsopano, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, linapereka mphamvuyo momveka: kampani ikhoza kulipira mpaka magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zomwe yapeza pa malonda ake pachaka.

Zomwe malamulo amaletsa

Wogulitsa saloledwa kunama za mtundu wa katundu, komwe wachokera, kulemera kwake kapena mtengo wake. Saloledwanso kugulitsa chakudya kapena mankhwala omwe masiku ake anatha, ngakhale katundu yemwe angavulaze munthu. Mawu omwe amalembedwa pa malisiti kapena pakhoma la sitolo, onena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, samupulumutsa wamalonda ngati katunduyo anali wowonongeka kale. Anthu ambiri akawerenga mawuwa amangobwerera kwawo, poganiza kuti ndiye lamulo.

Chitsanzo cha mpunga wa ku Karonga

Boma la Karonga, kumpoto kwenikweni kwa Malawi, limadziwika ndi mpunga wa Kilombero, wa njere zazitali ndi fungo lokoma. Umalimidwa m'madambo a m'mphepete mwa nyanja monga ku Kaporo, ndipo m'bomali muli masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Kilombero amachedwa kucha ndipo sabereka kwambiri poyerekeza ndi mitundu ina yamakono, choncho mtengo wake umakhala wokwera. Apa ndi pomwe pamalowera chinyengo. Amalonda ena amasakaniza Kilombero ndi mpunga wotsika mtengo, n'kumagulitsa m'misika ya m'mizinda ngati Kilombero weniweni wa ku Karonga. Wogula amanunkhiza wapamwamba pa thumba, fungo n'kumveka, koma zoona zake amakazidziwira mumphika, pomwe njere zina zapsa kale zina zikadali zolimba.

Mwalamulo kumeneku ndi kunamiza wogula pawiri, pa mtundu wa katundu ndi pa komwe wachokera. Wopwetekeka si wogula yekha. Mlimi amene walima Kilombero wosasakaniza amapikisana ndi mpunga wonama womwe ukugwiritsa ntchito dzina lake lomwe, ndipo dzinalo likaipa mtengo umatsikira onse. Magulu a alimi monga Kaporo Smallholder Farmers Association amagulitsa mpunga wawo pamodzi, ndipo wina wafika mpaka ku Scotland. Msika wotere umafuna kuti zomwe zalembedwa pa paketi zikhale zomwe zili mkati.

Pa nthawi yokolola zinthu zimatembenuka: mlimi ndiye wogulitsa, venda ndiye wogula, ndipo sikelo ndi ya venda. Sikelo yogwiritsa ntchito pa malonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma kumidzi mpunga wambiri umayezedwa ndi ndowa, zomwe kukula kwake sikufanana ndipo palibe amene amazidinda. Lamulo la 2024 lili ndi gawo loletsa wogula wamphamvu kupondereza omugulitsa katundu.

Karonga ali kumalire ndi dziko la Tanzania, ndipo katundu wambiri wa m'masitolo ake amalowera pa chipata cha Songwe. Wina amadutsa njira zachidule osaonedwa ndi aliyense, ndipo akapezeka woipa zimavuta kudziwa amene anamubweretsa. Madandaulo okhudza malonda a pakati pa mayiko a COMESA amapita ku bungwe la mpikisano la mgwirizanowu, lomwe likulu lake lilinso ku Lilongwe, koma Tanzania sili mu COMESA.

Kudandaula

Wogula amene wanamizidwa amayamba wabwerera kwa wogulitsa kukapempha kuti amubwezere ndalama kapena amusinthire katundu. Zikakanika, akhoza kukadandaula ku CFTC, komwe salipiritsa, kapena kukasuma ku khoti. Umboni wofunika kwambiri ndi lisiti ndi paketi ya katunduyo. Apa ndi pomwe malamulowa amafookera, chifukwa anakonzedwa moganizira malonda olembedwa, pamene mpunga wa pamsika umagulidwa pamanja, wopanda lisiti, wopanda chizindikiro, kwa munthu amene mwina sabata yamawa sadzakhala pamalo omwewo.